Amisiri Ofufuta Mizere

Pa 3 Malichi 2019 panatuluka Linux 5.0. Ambiri ankakamba za zatsopano zimene zalowamo, koma ine chimene chimandigwira mtima mpaka lero ndi chimene chinatulukamo. Munali pulogalamu yotchedwa CFQ, imene inalowa mu Linux m'chaka cha 2004, ndipo kuyambira 2006 ndiyo inkaongolera mmene makompyuta ambiri a Linux ankawerengera ndi kulembera pa hadi disiki. Anailemba ndi Jens Axboe wa ku Denmark. Amene anaifufuta chakumapeto kwa 2018, pokonzekera 5.0, ndi Axboe yemweyo. Sikuti inali yoipa ayi. Ntchito yake inali itatha, njira imene inkayendamo inali ikutsekedwa, ndipo mwini wake anaona kuti kuisunga n'kusenzetsa anzake katundu wopanda kopita.

Munthu wa pa Migowi ku Phalombe angafunse kuti za ku Denmark zikumukhudza pati. Zikumukhudza m'thumba mwake momwemo. Foni iliyonse ya Android, kaya ndi Itel, Tecno kapena Samsung, kunsi kwa zithunzi zonse zimene timadina kuli kernel ya Linux, pulogalamu yaikulu imene imalankhula ndi zitsulo za makina m'malo mwa mapulogalamu ena onse. Mnyamata wothira nyimbo mu memori khadi pamsika, mayi wojambula risiti ya nandolo amene wagulitsa, mphunzitsi wosunga mayina a ana pa fulashi yolumikiza ku foni, onsewa akadina kuti chinthu chisungidwe, pempho lawo limadutsa m'chigawo cha kernel chimene amisiri amachitcha block layer. Kumeneko ndi kumene chithunzi kapena nyimbo imasanduka timagawo tating'ono tokhala ndi manambala, n'kuikidwa pamzere, n'kuperekedwa kwa dalaivala, kapulogalamu kodziwa kulankhula ndi chipangizo chosungiracho. Pakalakwika kanthu pa sikirini, mumazimitsa foni n'kuyatsanso. Pakalakwika kanthu m'chigawo ichi, zithunzi za ukwati zapita ndipo sizibweranso. N'chifukwa chake ndimati wochotsa mzere wa khodi pamalo amenewa ndi mmisiri woposa wowonjezera.

Kuti timvetse chimene Axboe anachotsa, tikumbuke hadi disiki yakale. Mkati mwake muli zimbale zozungulira ndi kamkono koyenda uku ndi uku kufunafuna malo pamene pali chofunikacho. Ulendo uliwonse wa kamkonoko umadya nthawi. Tsono kernel inkasonkhanitsa mapempho onse pamzere umodzi, n'kuwasanja kuti oyandikana apitire limodzi, ndipo CFQ inkaonetsetsa kuti pulogalamu imodzi yadyera isatsekereze zinzake. Inalinso ndi kachenjerero kena: ikamaliza kutumikira pulogalamu, inkadikira pang'ono, poganiza kuti yomweyo ipemphanso za pafupi pomwepo, kusiyana n'kuthamangitsa kamkono kutali n'kukabweza. Pa zimbale zozungulira, imeneyo inali nzeru yeniyeni.

Kenaka kunabwera zosungira zopanda chozungulira chilichonse, monga SSD ndi tchipisi ta m'mafoni. Kulibe kamkono kodikira. Mzere umodzi uja, wokhala ndi loko mmodzi amene mapurosesa onse ankalimbirana, ndiwo unasanduka chochedwetsa. Axboe ndi anzake, mmodzi mwa iwo Matias Bjørling, anakonza njira yatsopano ya mizere yambiri yotchedwa blk-mq, imene inalowa mu Linux 3.13 mu Januwale 2014.

Kuchokera 2014 mpaka 2019 ndi zaka zisanu, ndipo luso lonse lili m'zaka zimenezi. Njira ziwiri zinkayenda limodzi, yakale ndi yatsopano, ndipo palibe amene anagwira yakale ija pomwe panali dalaivala ngakhale mmodzi woidalira. Anawasamutsa mmodzimmodzi. Wa SCSI, amene ma hadi disiki ambiri ndi mafulashi a USB amadutsira, anasamuka. Wa MMC, amene ndiye amatumikira memori khadi ndi tchipisi ta m'mafoni otsika mtengo, anasamutsidwa ndi Adrian Hunter mu 4.16, kumayambiriro kwa 2018. Atatha aakuluaakuluwo panatsala timadalaivala timene munthu wothamanga akanangoti tifere limodzi ndi njira yakaleyo. Omar Sandoval anakhala pansi mu 2018 n'kusamutsa dalaivala wa floppy ya pa kompyuta wamba, ndiponso wa floppy ya Amiga, ya Atari ndi ya Macintosh zakale, makina a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amene atsala m'manja mwa anthu owerengeka okha. Palibe kampani imene inkapindula ndi ntchito imeneyo. Anaichita kuti tsiku lofufuta likafika pasapezeke wotsala panjira. Pamene Axboe ankatumiza ma patch ake ochotsa, ndiko kuti timagawo ta zosintha mu khodi, khodi yakale ija inali italeka kale kuitanidwa ndi wina aliyense, ndipo kufufutako kunali kofatsa: lero masikejula akale osanja mapempho monga CFQ, mawa zowathandizira, mkuja mayina ndi timabokosi ta deta timene tatsala opanda ntchito, chilichonse pa patch yakeyake, ndipo pa sitepe iliyonse kernel inkamangika n'kumayenda.

Kagawidwe kameneka kali ndi chifukwa. Mu git, chida chosungira mbiri ya khodi chimene Linus Torvalds analemba mu 2005, muli njira yofufuzira patch imene yabweretsa vuto pomadula mbiri pakati mobwerezabwereza mpaka wolakwa atapezeka. Njirayi imagwira pokhapokha ngati patch iliyonse imasiya kernel ili yamoyo. Wochotsa mizere 10,000 nthawi imodzi amasiyira mnzake wa kutsogolo chimulu choti afukule. Woichotsa pang'onopang'ono amamusiyira malo enieni oti aloze chala.

Si kuchotsa konse kumene kuli kwakukulu chotero. Kwambiri ndi kwa function imodzi, kachigawo ka mizere khumi kapena makumi awiri kamene palibenso woikaitana. Kumeneku ndiko ndimakonda kuyang'anitsitsa, chifukwa mmisiri wake amayenera kutsimikiza chinthu chovuta kutsimikiza: kuti kulibe. Kuonetsa kuti chinthu chimagwiritsidwa ntchito n'kosavuta, mumangopeza malo amodzi. Kuonetsa kuti sichigwiritsidwa ntchito kumafuna kuyang'ana paliponse, mu khodi imene pofika Januwale 2025 inali itapitirira mizere 40 miliyoni.

Amayamba ndi grep, kufufuza dzina la function ija m'mafayilo onse. Likapezeka pawiri pokha, pamene inalembedwa ndi pamene inalengezedwa, mtima umayamba kukhazikika, koma mmisiri weniweni sakhulupirira msanga. M'chinenero cha C muli ma macro amene amalumikiza zidutswa ziwiri za mawu n'kupanga dzina pa nthawi yomanga, motero dzina lathunthu silioneka paliponse ngakhale likuitanidwa tsiku ndi tsiku. Palinso khodi imene imamangidwa pokhapokha munthu atasankha zina zake pa Kconfig, ndi ina ya mtundu umodzi wa purosesa. Laputopu ya mmisiriyo ndi ya x86, koma foni ya pa Migowi ndi ya ARM, ndipo kwinakwake kuli makina a MIPS, a s390, a m68k. Choncho amamanga kernel zonse zitatsegulidwa, amamanganso ya mapurosesa ena, ndipo makina oyesera a Intel amene amisiri amawatcha 0-day amadzamanganso ndi zosankha zosakanizasakaniza, n'kumudziwitsa ngati pena pathyoka. Ndi ntchito ya wopalira m'munda wa kuno kwathu, mmene chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe zamerera pamodzi: khasu silitsika dzanja lisanatsate tsinde mpaka pamene lazika, poti chooneka ngati udzu pano mwina chayanga n'kukabereka pamzere wachitatu.

Chitatha chimenecho pamabwera funso limene limasiyanitsa mmisiri ndi wosesa chabe: kodi function imeneyi inasiyidwa liti, ndipo chifukwa chiyani? Dr. David Alan Gilbert, amene m'zaka za 2024 ndi 2025 anatumiza ma patch ochuluka ochotsa khodi yakufa m'zigawo zosiyanasiyana za kernel, ali ndi chizolowezi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Pa uthenga wa patch amatchula patch yakale imene inachotsa woitana womaliza, kawirikawiri ndi chaka chake, kapena amanena kuti function ija sinaitanidwepo chilowereni. Ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu basi, koma kuti azilembe wafukula mbiri yonse ya dzinalo. Kufukulako kuli ndi phindu lina lobisika. Nthawi zina function imapezeka yopanda woitana chifukwa wina anachotsa kuitanako mwangozi: inali yomasula memory kapena yotseka chipangizo bwinobwino, ndipo chiichotsereni pakhala pakudontha osadziwika. Zikatero mankhwala ake si kufufuta, koma kubwezeretsa kuitanako. Wongofufuta chilichonse chimene chida chamuuza kuti n'chakufa akanakwirira umboni wa vutolo.

Pali malire amene wochotsa sadumpha. Dzina la mkati mwa kernel likhoza kusintha kapena kutha tsiku lililonse. Greg Kroah-Hartman analemba kalekale chikalata chofotokoza kuti kernel silonjeza kusunga mayina amkati chifukwa cha madalaivala osungidwa kunja kwake. Koma chimene mapulogalamu a anthu amachiona, monga fayilo ya mu /sys kapena lamulo limene pulogalamu imatumiza ku chipangizo, n'china. Lamulo la Torvalds ndi lakuti chimene chinkagwira ntchito dzulo kwa wogwiritsa ntchito chisaleke lero. Ndiye grep ikanena kuti mkati mulibe woitana, funso limatsala lakuti nanga kunja, m'mapulogalamu amene mmisiriyo sanawaonepo ndipo sadzawaona?

Wina angati, ngati n'zovuta chonchi, bwanji osangoisiya khodiyo igone? Paja sikudya nsima. Koma imadya, ndipo imadya nthawi ya anthu. Aliyense wofuna kusintha kachitidwe ka mkati mwa kernel amayenera kukonza malo onse ogwiritsa ntchito kachitidweko, amoyo ndi akufa omwe, ndipo akufawo sangawayese chifukwa chipangizo chake palibe ali nacho. Mu Febuluwale 2022 Matthew Wilcox, ali mkati mosintha mmene kernel imasungira masamba a memory, anafunsa poyera ngati nthawi yochotsa ReiserFS, njira yakale yosanjira mafayilo pa disiki, sinakwane, chifukwa inkamukakamiza kusunga njira zakale zimene ena onse anali atazisiya. Komanso khodi yosayang'aniridwa ndi khomo la akuba. Mu Meyi 2015 kunapezeka bowo lotchedwa VENOM, osati mu kernel mwenimweni koma mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekezera m'maseva akuluakulu. Bowolo linali mu khodi yoyerekezera floppy, linakhalamo kuyambira 2004, ndipo linkatha kulola wa m'kompyuta yoyerekezera kutulukira ku seva yeniyeni. Pafupifupi palibe amene ankagwiritsa ntchito floppy m'maseva amenewo, koma khodiyo inali momwemo, yamoyo kwa wakuba yekha.

Nkhani ya IDE ndiyo imafika pafupi ndi kwathu. Aliyense amene anatsegulapo kompyuta ya m'ma 1990 kapena kumayambiriro kwa m'ma 2000 akukumbukira lamba wotambalala wotuwa uja, wa mapini 40, wolumikiza hadi disiki. Makina otere anafika ambiri m'Malawi atatha ntchito kwina, n'kulowa m'masukulu ndi m'maofesi. Ngakhale chiyambi cha makompyuta a m'zipatala zathu chili ndi fungo lomwelo. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makina odina pa sikirini ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, ndipo anawapanga posintha I-Opener, kachipangizo kotsika mtengo ka intaneti ka kampani ya Netpliance ya ku America, kamene kwawoko kanali katalephera pamsika. Mkati mwake munali tchipi ya mamegabayiti 16 ndi polumikizira IDE. Chimene ena anataya, kuno chinalemba mayina a odwala, ndipo dongosolo la Baobab litakula linamangidwa pa mapulogalamu aulere, Linux ali m'gulu. Tsono munthu akamanena za wogwiritsa ntchito womaliza wa chipangizo chakale, ine sindiganiza za wosunga zakale wa ku Ulaya. Ndimaganiza za ife.

Linux inali ndi madalaivala a IDE a mitundu iwiri: akale, amene ankatcha disiki kuti hda, ndi atsopano a libata, amene amaitcha sda. Akalewo anali atasiyidwa ndi pafupifupi aliyense kwa zaka zoposa khumi, komabe sanachotsedwe, chifukwa panali makina ochepa amene libata inalibe dalaivala wawo. Bartlomiej Zolnierkiewicz analemba madalaivala atsopano a libata a Atari Falcon ndi a Amiga pakati pa 2017 ndi 2019. Mu 2019 Christoph Hellwig anaika chenjezo loti kompyuta iliyonse yogwiritsa ntchito dalaivala wakale izilemba poyaka kuti adzachotsedwa mu 2021, ndi kupempha kuti amene chipangizo chake sichikugwira ndi libata anene. Anadikira zaka ziwiri zimene analonjeza. Anakonzanso zosankha za makina a Alpha, MIPS, ARM ndi m68k kuti ziloze ku libata. Kenaka mu Linux 5.14, ya pa 29 Ogasiti 2021, mizere pafupifupi 40,000 inachoka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti hadi disiki ya lamba wotuwa ija, ikapezeka lero m'kabati ya sukulu ina ku Phalombe, kernel yatsopano ikhoza kuiwerenga ndithu. Chinachoka ndi njira yachiwiri yofikira ku disikiyo, osati disikiyo. Momwemonso anachitira Jan Kara mu 2015 pochotsa dalaivala wa ext3, njira inanso yosanjira mafayilo pa disiki, mu Linux 4.3: dalaivala wa ext4 anali akutha kale kuwerenga ndi kulemba madisiki a ext3, choncho palibe fayilo ya munthu imene inasowa mwini.

Sikuti amisiriwa saphonya. Pktcdvd anali dalaivala wolembera pa ma CD ndi ma DVD ofufutika, ndipo analembedwa kuti ndi wotha ntchito kuyambira 2016. Mu Disembala 2022 Kroah-Hartman anamuchotsa, poona kuti zaka zadutsa popanda womusamala. Posakhalitsa kunamveka mawu akuti alipo amene akumugwiritsabe ntchito, ndipo mu Januwale 2023, Linux 6.2 isanatuluke, Axboe anamubwezeretsa. Panalibe kukangana kotalika kapena kuteteza ulemu wa amene anachotsa. Mu git chofufutidwa sichitayika, ndipo kubweza ndi lamulo limodzi. Dalaivalayo anakhalanso zaka zina ziwiri, n'kudzachotsedwa mu 2025.

Komabe nkhani imeneyi imandisiyira nkhawa imene sindifuna kuibisa. Pktcdvd anapulumuka chifukwa womugwiritsa ntchito anali munthu wodziwa kumene amisiri amakambirana, wodziwa Chingerezi, wokhala ndi intaneti yoti n'kutsatira zimene zikulowa ndi kutuluka mu kernel. Wokonza makompyuta wa pa Migowi, amene bandulo yake amaiwerengera, ndipo magetsi akathima ntchito yaima, sawerenga zimenezo. Chenjezo limene kernel imalemba poyaka limabisala mu dmesg, kumene munthu wamba sayang'anako. Amisiri akafunsa kuti alipo amene akugwiritsabe ntchito ichi, n'kukhala zii, chetelo limawerengedwa ngati yankho lakuti palibe. Koma malo amene zipangizo zakale zimathera ndi omwewo amene mawu ake samveka. Sindikuona njira yophweka yothetsera zimenezi, ndipo sindingaimbe mlandu anthu amene akusenza khodi ya dziko lonse chifukwa chosamva amene sanalankhule. Chimene ndikuona n'chakuti amisiri abwino amachita ngati akudziwa kuti chete sakwanira. N'chifukwa chake amasamutsa dalaivala wa Atari m'malo momutaya, amadikira zaka m'malo mwa miyezi, ndipo amayesetsa kuti deta ikhalebe yowerengeka ngakhale khodi yapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwawoko ndiko kumateteza anthu amene sadzawadziwa mayina.

Chinanso chotiteteza ndi kuchedwa kwathu komwe. Mafoni otsika mtengo amatuluka ndi kernel yakale ndipo ambiri amafa nayo yomweyo. Foni ya kernel 4.14 kapena 4.19 ikadali ndi njira yakale ija mkati mwake, ndipo 4.19 inkalandirabe zokonza mpaka Disembala 2024. Ndiye kuti CFQ imene Axboe anafufuta mu 2018 ikhoza kukhala ikusanjabe mapempho m'mafoni ena pamsika wa Migowi lero lino. Kufufuta kwa kumtunda kumatenga zaka kuti kufike kuno, ndipo zakazo ndi mpata wokonzekera kwa amene akudziwa.

ReiserFS ndiyo inali yovuta kuposa zonse, chifukwa inalibe wolowa m'malo wotha kuwerenga madisiki ake. Inalowa mu Linux 2.4.1 mu 2001, ndipo kampani ya SUSE inkaiika ngati yokhazikika mu Linux yake mpaka 2006, motero maseva ambiri a nthawi imeneyo anasunga zinthu zawo mmenemo. Apa kuchotsa khodi kunkatanthauza kuti kernel yatsopano sidzatsegulanso disiki yotere. Jan Kara, wa ku SUSE komweko, anaika chenjezo mu Linux 5.18 mu 2022, lotuluka nthawi iliyonse disiki ya ReiserFS ikatsegulidwa, lotchula chaka cha 2025. Mu 6.6 anaisonyeza kuti ndi yotha ntchito. Mu 6.13, ya pa 19 Januwale 2025, anaichotsa, mizere yoposa 30,000. Kernel yomaliza yokhala nayo ndi 6.12 ya mu Novembala 2024, imene ili m'gulu la zosamalidwa nthawi yaitali. Amene ali ndi seva yakale kapena hadi disiki ya m'zaka zimenezo, kaya ku ofesi, kusukulu kapena ku bungwe lililonse, aiyatse ndi Linux ya kernel 6.12 kapena yakale kuposa apo, aone ndi lamulo la lsblk -f ngati pali gawo lolembedwa reiserfs, ndipo likapezeka akopere zonse ku disiki ya ext4 nthawi ikadalipo.